Ndinapempha Ng'ombe Imodzi

Pa koleji ndinakhalapo zaka ziwiri, kenako akuluakulu a pamalopo anaona kuti nzeru zomwe ndinali nditatola zikwanira munthu mmodzi, nandiuza kuti ndikazigwiritse ntchito kunja. Ndinamvera. Ndinachoka kwathu ku Dedza pa basi ya kumpoto, ndipo ntchito ndinakaipeza ku Chikangawa, pa kampani ina yocheka matabwa. Ntchito yake inali kuwerenga matabwa akamakwera lole. Munthu woti anamvapo za chuma cha maiko, ataima m'chifunga, cholembera chili kukhutu, n'kumawerenga matabwa. Sindinadandaule. Thabwa silifunsa satifiketi.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa ku banki, tayi wofiira, n'kuika tebulo pansi pa ambulera pafupi ndi geti. Anandiuza kuti poti malipiro anga ankadzera kwa iwo, ndinali munthu wolemekezeka, woyenera khadi la ngongole.

"Ili si khadi wamba, bwana. Mumatenga ndalama lero, kubweza n'kumabweza pang'onopang'ono, mmene mwaonera."

Chiyambire kukhala munthu, palibe anali atanditchulapo bwana. Ndinasaina. Za chiwongoladzanja anazitchula ndithu, ndisamunamizire, koma anadutsapo mofulumira ngati munthu wodutsa pamanda.

Mkazi amene ndinadzamukwatira anali telala pa boma la Mzimba, pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika. Ndinapita kwa iye ndi jekete lomwe linang'ambidwa ndi msomali wa pa lole. Pofuna kuti adziwe kuti akusokera munthu wotani, ndinatchulako za koleji kawiri asanamalize kulowetsa ulusi mu singano. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali aKoleji. Loweruka lotsatira jeketelo linang'ambikanso, ulendo uno mothandizidwa ndi ine. Litang'ambika kachitatu, analiyang'ana kwa kanthawi, n'kulipinda bwinobwino.

"AKoleji, jekete ili lilibe mlandu. Ngati muli ndi mawu, yankhulani."

Kwathu mwamuna akafuna mkazi amapita ndi khasu ndi ulemu. Amamanga nyumba kwao kwa mkaziyo, n'kukhala mkamwini mpaka anthu atazolowera nkhope yake. Ku Mzimba amafuna ng'ombe. Amafunanso thenga, munthu wokakuyankhulira kwa apongozi, poti iwe mwini pakamwa pako sipaloledwa kutseguka pa nkhani zazikulu. Thenga wanga anali mnzanga wa kumacheka, bambo wa ku Champhira wodziwa pokhala, poombera m'manja ndi poyenera kungokhala chete. Anapita kumudzi kwa mkaziyo, chakumadzulo kwa Embangweni, n'kubwerako ndi mawu akuti ng'ombe zinayi.

Ndinapita pa makina a pakhoma la banki n'kulowetsa khadi lija. Makinawo sanandifunse kuti mkaziyo ndi wa khalidwe lotani, kapena ngati makolo anga akudziwa. Anangolira pang'ono n'kutulutsa ndalama. Ndinabwerezanso masiku angapo mpaka anati basi. Ng'ombe tinakagula ku Jenda. Zitatu zinali ng'ombe basi, zopanda nkhani. Yachinayi inali yaikazi, yaing'ono, ya nkhope yoyera, ndipo njira yonse inkandiyang'ana ngati ikudziwa kuti sinalipiridwe. Kwa apongozi palibe anandifunsa kumene ndinatenga ndalama. Anaziyang'ana mano ndi ziboda, amayi analuluta, ndipo ndinakhala munthu wapabanja.

Ndikamauza anthu kuti ndimalakalaka Chikangawa amandiyang'ana ngati ndadwala malungo. Kuzizira kuja? Inde, kuzizira komweko. Nyumba ya kampani inali ya matabwa, ndipo mphepo inkalowa osaodira. M'mawa chifunga chinkafika mpaka pakhomo, moti ukatuluka ndi kapu ya tiyi sunkaona nyumba ya mnzako, unkangomva akutsokomola. Chilichonse chinkanunkhira utomoni wa paini: zovala, bulangete, ngakhale shuga. Mkazi wanga anabwera ndi makina ake n'kumasoka mayunifolomu a ana a anthu a kumacheka. Ndikaweruka, ndinkayamba kumva makinawo ndisanaone denga, ndipo ndinkachepetsa liwiro dala kuti ndiwamve nthawi yaitali. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi m'Chitumbuka, mapini ali pakamwa, osameza ngakhale imodzi. Lamlungu nthawi ya mvula tinkalowa m'nkhalango kukazula bowa, iye patsogolo, ine pambuyo ndi beseni, ndikufotokoza za bowa zomwe ndinawerenga m'buku, iye akutaya aliyense amene ndamuzula. Manja ake akazizira ankawalowetsa m'matumba a jekete langa, ine ndili momwemo, n'kumanena kuti matumbawo ndi ake chifukwa anawasoka ndi iye.

Mwezi uliwonse banki inkatapa kandalama kochepa pa malipiro anga. Ndinkaganiza kuti ngongole ikufota. Sindinayang'anitsitse. Munthu ukakhala pabwino suvundukula miyala kuti uone chili pansi.

Mitengo inatha. Ina tinadula ife, ina inadyedwa ndi moto umene unkabwera chaka chilichonse ngati mlendo wodziwa njira. M'mawa wina akuluakulu a kampani anatisonkhanitsa pabwalo lopakirapo matabwa, momwe munalibe thabwa, n'kutiuza kuti ntchito yatha, nyumba tituluke mwezi ukamatha. Anatithokoza kwambiri chifukwa cha khama lathu. Tinaomba m'manja, chifukwa tinaleredwa bwino.

Nthawi imeneyo mkazi wanga anali woyembekezera. Mwambo wa kwao umati mwana woyamba akabadwire kwa amayi ake a mkazi, choncho mlamu wanga, mchimwene wake, atabwera kudzamutenga pamodzi ndi makina ake, zinaoneka ngati mwambo, osati umphawi. Tonse awiri tinathokoza mwambowo chamumtima. Akukwera galimoto anandiuza kuti ndikapeze chipinda msanga, ngakhale chimodzi, bola chikhale ndi chitseko. Thenga wanga uja, ntchito itangotha, anachita zomwe amachita amuna ambiri a ku Mzimba: anakwera basi ya ku Joni.

Ine ndinatsikira pa boma, kwa mnzanga wina wa ku Dowa amene boma linamutumiza kumeneko kukayeza mvula. Ntchito yake inali yoti m'mawa uliwonse akasuzumire m'kachitini kuona ngati kumwamba kwachitika kanthu. Ngakhale m'chilimwe ankapitabe, atavala tayi, n'kukalemba kuti palibe. Anandipatsa kachipinda kosungiramo katundu, pakati pa matumba a chimanga ndi njinga yopanda matayala. Masana ndinkaika katebulo pansi pa mtengo pafupi ndi maofesi, n'kumalembera mafomu a pasipoti anthu ofuna kupita ku Joni. Zaka ziwiri za koleji zija zinapeza ntchito. Ndinatumiza amuna ambiri kukalemera, ine n'kutsala ndi ya matemba.

Apa m'pamene mayi wina wa ku banki anayamba kundiimbira foni. Mawu ake anali ofewa, a munthu woleredwa kutchalitchi.

"Muli bwanji, bambo? Tikungokukumbutsani."

Ndinagulitsa mipando ndi kutumiza. Anathokoza, n'kundiuza zotsala. Ndinagulitsa wailesi ndi bedi. Anathokozanso, n'kundiuza zotsala, ndipo zinali zochuluka kuposa zomwe ndinkakumbukira.

"Mayi, ngongole imeneyi mukuidyetsa chiyani kuti izinenepa chonchi?"

"Ndi chiwongoladzanja, bambo, komanso chilango cha kuchedwa."

"Ine ndikuonda, iyo ikunenepa. Si bwino tikanasinthana?"

Sanaseke. Patapita nthawi anandiuza, ndi mawu ofewa omwewo, kuti nkhani yanga ipita kwa maloya ndipo adzalanda katundu. Ndinamuuza kuti katundu amene watsala ndi ineyo, ndipo msika wanga ndi wovuta. Anati alemba zimenezo.

Mwana anabadwira ku chipatala cha Embangweni, wamkazi. Ndinapita kumudzi ndi sopo ndi kansalu. Anandikhazika pa mpando patali ndi nyumba ya apongozi aakazi, monga akhalira mkweni, ndiko kunena mwamuna wa mwana wawo, n'kundibweretsera khandalo litakulungidwa moti ndinachita kufufuza kumene kunali nkhope. Linayasamula, n'kundiyang'ana popanda chidwi. Mkazi wanga anakhala pamphasa pambali panga.

"AKoleji, mwaonda. Nyumba mwapeza?"

"Ili m'njira."

"Ikuyenda wapansi?"

Ndinaseka, iyenso anaseka, ndipo ndinabwerera pa boma osamuuza za foni za ku banki. Madzulo aliwonse dzuwa likamalowa ndinkamuimbira ndi mayunitsi a matemba aja. Ankaika foni pakamwa pa mwana kuti ndimve akupuma, nthawi zina ntchirichiri, ndipo ine ndinkaima kuseri kwa nyumba ya mnzanga, chala chili m'khutu linalo, kumvetsera mpaka mayunitsi atatha. Ndinkadziwa kuti kandalama kalikonse kopita ku banki ndi kamene kakanalipira chipinda. Malinga ngongoleyo inali moyo, mwana wanga akanakula ndikumumvera pa foni.

Nzeru inabwera Lamlungu lina masana, tili pakhonde ndi mnzanga woyeza mvula, tikumwa tiyi wopanda mkaka.

"Achimwene," anatero, "ng'ombe zanu zija zili bwanji?"

"Zikunenepa. Chilichonse changa chikunenepa kupatula ine."

"Nanga si mungokatengako imodzi? Mugulitse kwa a butchala, mutseke pakamwa pa bankiyo, chotsala mulipire chipinda. Mlamu abwere ndi mwana. Apongozi atsala ndi zitatu. Alipo munthu angakane kuti mwana wake akakhale ndi mwamuna wake chifukwa cha ng'ombe imodzi?"

Ndinaiyang'ana nkhaniyo uku ndi uku, monga anandiphunzitsira ku koleji, ndipo sindinapeze podontha. Kwathu ukapatsa apongozi mbuzi, tsiku la mavuto amakhala oyamba kunena kuti kagulitseni ija. Tinagwirana chanza. Vuto linali limodzi, loti mkweni sayankhula yekha, ndipo thenga wanga anali akutsuka magalimoto ku Joni. Mnzangayo anadzipereka. Anali ndi suti, anali wa m'boma, ndipo ankadziwa mawu awiri a Chitumbuka, monire ndi yewo. Ndinamuphunzitsa kuombera m'manja. Mkazi wanga sindinamuuze, ndinkafuna angoona makiyi.

Anapita Loweruka m'mawa, n'kubwerako madzulo nkhope ikuwala.

"Anthu aulemu amene aja, achimwene. Nditangoti mkweni wanu akupempha ng'ombe imodzi ibwerere, onse anangoti zii. Ngakhale nkhuku zinasiya kusaka. Kwathu akanakhala atandidula kale mawu."

"Adada anati chiyani?"

"Anandifunsa kawiri ngati mawuwo achokera kwa inu. Ndinati kwa inu ndithu, mwawaganizira nthawi yaitali. Ndiye anati, imodzi yokha, nanga zinazo? Ine poona kuti njira yatseguka, sindinafune kuitseka. Ndinati tiyambe ndi imodzi, zinazo tiziona m'tsogolo."

"Munachita bwino."

"Amayi aja mpaka analira kuseri kwa nyumba. Akukumverani chisoni kwambiri. Anati yankho libwera."

Madzulo amenewo ndinaimbira mkazi wanga foni, sinayankhidwe. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinati mwina batire, poti kumudziko amakatchajitsa kutali. Sabata yonse inatha ndikuima kuseri kwa nyumba, chala chili m'khutu, kumvetsera foni ikuitana.

Yankho linabwera pa njinga yamoto. Mlamu wanga anandipeza pa katebulo kanga ndikulembera munthu fomu. Anadikira mpaka munthuyo atachoka, anakhala pa benchi, navula chipewa. Sanandipatse moni wa masiku onse uja wonditcha Mchewa wosauka.

"Alamu, ndapota, tiuzeni zoona. Mlongo wanga walakwa chiyani?"

"Walakwa? Ndani wanena kuti walakwa?"

"Inu. Mwaitanitsa ng'ombe."

"Imodzi yokha, alamu. Ndigulitse, ndibweze ngongole."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene inkandiyang'anira ng'ombe ya nkhope yoyera ija.

"Kuno ng'ombe ya malowolo imabwerera kwa mwamuna pa chifukwa chimodzi chokha: ukwati watha. Palibe china. Ukati ndipatseni ng'ombe, wanena kuti tengani mwana wanu. Ndipo munthu wanu wa suti uja anati muyamba ndi imodzi, zinazo muziona. Adada akuti chibadwire sanaonepo munthu wosiya mkazi pang'onopang'ono. Amama sakudya."

"Nanga iyeyo?"

"Foni anapereka kwa adada. Akusoka. Sakuyankhula ndi munthu."

Ndinafunsa ngati ndingapeze thenga wina. Anati athenga anga akwana, ndibwere ndi pakamwa panga, mwambo upumeko tsiku limodzi. Ndinapinda katebulo n'kukwera kumbuyo kwa njinga yake. Msewu wa ku Embangweni ndinali ndisanauonepo kutalika choncho.

Anandikhazika pansi pa mtengo pafupi ndi khola. Apongozi anga aamuna anali munthu wamfupi, amene anaphikapo m'mahotela a ku Joni ali mnyamata, wokonda kuseka, wovala chipewa cha ubweya ngakhale dzuwa liswe mtengo. Tsiku limenelo sankaseka. Pambali pawo panali azichimwene awo awiri. Ndinaomba m'manja, ndinafotokoza za kampani, za mayi wa mawu ofewa, za mipando ndi bedi. Kenako ndinatulutsa khadi lija. Linayenda dzanja ndi dzanja. Mmodzi mwa akuluakuluwo analitembenuza kuyang'ana kumbuyo kwake, n'kulipereka kwa mnzake ngati chinthu chotentha.

"Ndiye kuti ng'ombe zija simunamalize kugula?" anafunsa apongozi.

"Sindinamalize, adada."

"Ndalama zinali za banki."

"Za banki, adada."

"Mbwenu amene analowola mwana wanga ndi banki."

Ndinaona mapewa a apongozi akuyamba kugwedezeka, kenako anaseka mpaka kutsokomola, akupukuta misozi ndi chipewa chija.

"Mkweni wanga ndi banki. Nanga bwanji sabwera kudzandilonjera? Ngakhale shuga, ayi?"

"Amandilonjera ine, adada, sabata iliyonse."

Akuluakulu aja anaseka nawo, koma kuseka sikunachotse mlandu. Anandilipiritsa mbuzi chifukwa choliza apongozi aakazi, n'kulola kuti ndidzapereke ndikadzapeza. Imeneyo inali ngongole yanga yachiwiri, ndipo ndinaikonda, chifukwa siinkanenepa. Za ng'ombe anandiuza mosabisa. Ziwiri zinali zitapita kale kukalowolera mkazi wa mlamu wanga chaku Champhira, moti kuzifuna kunali kupasula maukwati awiri. Mwa ziwiri zotsala, ya nkhope yoyera inali ndi bere. Ndipo ngakhale zonse zikanakhalapo, panalibe ng'ombe yotuluka m'kholamo kulunjika kwa ine, pokhapokha ngati ndikufunadi zomwe ananena munthu wa suti.

"Sindikufuna, adada."

"Nenaninso, amve aja ali kuseri kwa nkhokwe."

Ndinanenanso mokweza.

Ndiye apongozi anati pali ng'ombe zawo ziwiri zapagoli ndi ngolo, zomwe zinkangokhala chigulireni mlamu njinga yamoto. Ng'ombe kugwira ntchito si kubwerera. Ndiziyendetsa ngoloyo, zomwe ndapeza ndizipereka kwa mkweni wawo wa ku banki. Ndinayamba kale kuganiza kuti ndimanga pati kanyumba, koma mkulu mmodzi anandiona maganizo.

"Kuno kulibe chikamwini, adada. Mwamuna sagona m'mudzi mwa mkazi wake. Anthu angatiseke chomene."

Anagwirizana kuti ndikakhale m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo, pamsika waung'ono wa m'mbali mwa msewu, mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi. Mkazi ndi mwana atsale kwa makolo mpaka nditapeza nyumba yeniyeni. Kenako apongozi analoza ndi chibwano kuseri kwa nyumba.

"Mlandu wa ife watha. Watsala uko. Kumeneko sitingakuthandizeni."

Mkazi wanga ndinamupeza akuchapa matewera, mwana ali pamphasa. Sanadzutse mutu.

"Amake mwana."

"Mwabwera kudzatenga ng'ombe yanu, bambo? Khola lili uko."

"Sindinadziwe."

"Zoti simunadziwe ndamva. Mudzi wonse wamva, ukuseka. Koma usanayambe kuseka, ine ndakhala ndikupita kumjigo ngati mkazi wobwezedwa. Ndikafika, amayi amasiya nkhani. Wina mpaka anandinyamulira ndowa, kundimvera chisoni. Ine, kundinyamulira ndowa."

"Ndimafuna tipeze nyumba msanga."

"Munakhala pansi ndi munthu woyeza mvula, mwamuuza zonse. Ine munandiuza kuti nyumba ili m'njira." Anafinya tewera mpaka linasiya kudontha. "Ndikanagulitsa makina."

"N'chifukwa chake sindinakuuzeni."

"Ndiye munaona kuti makina akhale, agulitsidwe ndine?"

Ndinali nditanyamula nthabwala zingapo kuchokera pa boma, zina zabwino ndithu. Palibe inatuluka. Ndinakhala pa mwala pafupi ndi mphasa. Mwana anali atakula, masaya atadzaza, ndipo anagwira chala changa n'kuyamba kuchiyamwa. Mayi ake anamusiya kwa kanthawi, mpaka atamaliza kuyanika. Kenako anamunyamula, anamubereka, n'kulowa m'nyumba.

Ntchito ya ngolo ndinaiphunzira movutika. Ng'ombe zija zinkamva Chitumbuka chokha, ndipo Chichewa changa zinkachitenga ngati chilolezo choti ziime zidye udzu. Ndinagwetsa njerwa za mphunzitsi wina m'ngalande. Ndinalowa ndi ngolo m'munda wa mbatata wa mayi wina, ndipo mayiyo anandiphunzitsa mawu a Chitumbuka omwe sali m'buku la nyimbo. Pang'onopang'ono tinamvana. Ndinkanyamula mchenga, njerwa, chimanga chopita kuchigayo, kachewere wopita kumsewu waukulu, kamodzi mkwati amene galimoto yake inafera m'njira. Mayi wa ku banki, nditamuuza kuti tsopano ndili pa ntchito ya zamtengatenga, anapita kukafunsa kwa akuluakulu ake. Anatseka khadi, naika ndalama yoti ndizipereka mwezi ndi mwezi osaonjezerapo zilango. Ngongole inasiya kunenepa. Kuonda kwake kunali kwa ulesi, koma inkaonda.

Chovuta sichinali chimenecho. Pa boma ndinali kutali, ndipo kutali kumakhala ndi chifukwa. Apa ndinali pafupi. M'mawa uliwonse ndinkadzuka m'kachipinda kaja, tsitsi litayera ndi ufa wa m'chigayo ngati ndakalamba ndili m'tulo, n'kuyenda kupita kumudzi kukamanga ng'ombe. Mkazi wanga ndinkamuona akusesa pabwalo, mwana ali kumbuyo, mutu wake ukugwedezeka potsatira tsache. Ndinkapereka moni, iye n'kuyankha monga ayankhira mlendo wodutsa, mwaulemu wonse, osaperewera ngakhale liwu limodzi. Ndinkachedwa dala pomanga goli. Nthawi zina makina ankayamba kulira m'nyumba ndisanachoke, ndipo ndinkapeza chingwe china choti ndimangenso. Madzulo ndinkabweza ng'ombe, kutseka khola, n'kubwerera ndekha kuchigayo, utsi wa m'mudzimo uli kumbuyo kwanga. Mwana anamera dzino, ndinamva kwa mlamu. Anayamba kukhala yekha, ndinaonera patali, pamwamba pa msana wa ng'ombe.

Zinakhala choncho mpaka mvula inayamba kuwopseza. M'mawa wina njinga ya mlamu inakana kulira, ndipo linali tsiku la sikelo ku Embangweni. Ndinali ndi matumba a chimanga opita komweko. Ndikumanga goli, apongozi anga aakazi anatuluka. Mayi ameneyo anali asanandiyankhulepo mwachindunji chikwatirire, poti mwambo sulola, choncho anaima patali, nayang'ana ng'ombe ya kumanzere, n'kuiuza kuti ngati ikupita ku Embangweni, pali anthu ena amene miyendo yawo ingapumeko. Ine ndinayang'ana ng'ombe ya kumanja, n'kuiuza kuti malo alipo ambiri.

Mkazi wanga anakwera, nakhala pa thumba la chimanga, mwana pamiyendo, ambulera m'manja. Tinanyamuka. Ng'ombe zapagoli sizithamanga chibadwire, koma tsiku limenelo ndinazilola kuti zionetse luso lawo lonse. Zikafuna udzu wa m'mbali mwa msewu, sindinaone chifukwa chozikaniza. Mayi wina wosenza nkhuni anatipitirira. Gogo wa ndodo anatipitirira, natipatsa moni, n'kutisiya.

"Zimenyeni ng'ombezo, tichedwa sikelo."

"Zadwala mtima, amake mwana. Adokotala anati zisamadzidzimutsidwe."

Ndinamva akusuntha pa thumba paja, kenako mwana anaikidwa pamiyendo panga, ndipo chikwapu chinachoka m'manja mwanga. Ndinadikira kuti azikwapule. Anachiika pansi pa mapazi ake, n'kupendeketsa ambulera kuti mthunzi ufike pamutu pa mwana, womwe unafikanso paphewa panga. Mwanayo ankalemera kuposa mmene ndinkaganizira. Anagwira batani la malaya anga n'kulimbana nalo njira yonse.

Kusikelo tinafika omaliza, ndipo anamwino anatikalipira tonse awiri pamodzi, zomwe ndinazimva kukoma. Pobwerera ngolo inalibe katundu, mitambo inali itada chakumadzulo, ndipo tikudutsa pachigayo anandiuza kuti ndiime. Sanatsike. Anayang'ana kachipinda kanga, nayang'ananso china choyandikana nacho, chachikulupo, chomwe mwini chigayo ankasungiramo madeya.

"Icho chimadontha?"

"Sindikudziwa."

"Kafunseni. Mufunsenso mtengo wake. Mukamva, mubwere mudzandiuze ine. Ine, osati adada, osati wa mvula uja."

Ndinatsika kukafunsa nthawi yomweyo. Mwini chigayo anali atapita kumaliro, ndipo anthu a pachigayopo anati abwera mkucha. Ndinakweranso, tinapitirira kumudzi, madontho oyamba akugwa pa misana ya ng'ombe. Pakhomo anatsika, anatenga mwana, nathamangira pakhonde la amayi ake. Ine ndinamasula goli, ndinatseka khola, n'kuyamba ulendo wobwerera kuchigayo mvula ikundinyowetsa, ndikuwerengera mumtima kuti madeya onse aja ndikawasamutsira kuti.